Ndalipira R400 pa newsletter, foni sinalire ngakhale kamodzi

Gulu: A Malawi ochita malonda ku Joni

Lachiwiri madzulo

Mayi a Chikondi (Rosettenville): Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi dandaulo, koma osandiseka. Mukudziwa kuti ine ndi bambo a Chikondi timanyamula katundu kupita kumudzi kawiri pamwezi. Mwezi watha ndinamva za newsletter ina imene imatumizidwa pa imelo Lachisanu lililonse kwa a Malawi okhala kuno. Mumakhala nkhani za kumudzi, za maliro, za mapepala, za ntchito. Ndinalipira R400 kuti advert yathu ilowemo masabata awiri. Masabatawo atha. Foni sinalire ngakhale kamodzi, ngakhale wolakwitsa nambala sanapezeke. Kodi zinthuzi zimagwiradi ntchito, kapena ndangowagulira eni ake ndiwo?

Gift (Cosmo City): R400 amayi? Mukanandipatsa ine ndikanakuwa pa renki ya mataxi ya Noord tsiku lonse, pakhosi ndili napo 😂

Anambewe (admin): Gift, anzako akulira iwe ukuseka. Mayi a Chikondi, tatiikirani pano zomwe munalembazo, ndendende mmene zinatulukira.

Mayi a Chikondi: Nazi:

"MONI A MALAWI NONSE!!! Ife ndife akatswiri pa nkhani yonyamula katundu. Timanyamula katundu wamtundu uliwonse kupita madera onse a Malawi. Timagulitsanso mpunga wa Kilombero, usipa, Sobo, Nali, zitenje ndi ufa wa kondowole. Timathandizanso kupeza zipinda za lendi. Mitengo yathu ndi yotsika zedi. Ndife odalirika komanso oopa Mulungu. Tiimbireni, kapena tipezeni pa Facebook, kapena bwerani kunyumba. Mulungu akudalitseni!!!"

Zonsezi Chikondi anaziika pa chithunzi chimodzi chokongola, mitundu ya mbendera yathu, thiraki pakati, thumba la mpunga pambali. Pansi nambala zitatu, yanga, ya bambo ake ndi ya alamu anga.

Che Mdala (Mayfair): Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mayi, ine ndawerenga kawiri, sindinadziwebe ngati ndinu a thiraki, a golosale kapena a nyumba za lendi.

NyaGondwe (Randburg): Newsletter imeneyo ine ndimalandira. Ndidakali kuntchito, ndiye ndapita kukaifufuza pa kompyuta pompano. Amama, pamalo pa advert yanu pali kabokosi koyera kopanda kanthu. Ndachita kudina polola zithunzi, m'pamene thiraki yanu yatulukira. Masabata onse awiri ndinadutsapo osadziwa kuti pali munthu.

Mayi a Chikondi: Mayo ine! Ndiye ndalipirira kabokosi koyera?

Dalitso (Braamfontein): Amayi musadziimbe mlandu, ambiri amagwera pomwepo. Ntchito yanga ndi yomweyi, ndiye mundilole nditalikitse pang'ono. Outlook ya pa kompyuta, pulogalamu yowerengera imelo imene maofesi ambiri amagwiritsa ntchito, sionetsa zithunzi mpaka munthu atalola yekha. Ena amazimitsa zithunzi dala pa foni poopa kutha data. Mawu anu onse akakhala mkati mwa chithunzi, kwa anthu amenewa simunayankhule. Mawu azilembedwa ngati mawu, chithunzi chizingoperekeza. Kuseri kwa chithunzi kulinso malo olembapo timawu tochepa, amati alt text, timene timaoneka chithunzi chikakana kutseguka. Eni newsletter muwauze alembepo, mwachitsanzo, "thiraki yopita ku Blantyre ndi Lilongwe".

Nambala ya pa chithunzi nayo sidinika. Munthu ayenera kuiloweza pamtima kapena kusaka cholembera. Ali mu taxi yochokera pa Bree, chikwama pamiyendo, a kumbuyo akumugogoda paphewa kuti apititse ndalama kutsogolo. Ndani angakopere nambala pamenepo? Nanga zitatu?

Anambewe (admin): Ine ndimalemba kakalata ka pa imelo ka bungwe lathu la maliro kamodzi pamwezi, ndiye ndikuuzeni mmene zimaonekera mbali inayo. Munthu akatsegula sanadzere inu ayi. Wadzera kumva amene watisiya, zopereka zafika pati, msonkhano uli liti. Inu muli ngati wogulitsa mandasi pachipata cha tchalitchi. Anthu akudutsa ndithu, koma mtima uli m'kati. Mutu wa imelo yonse si wanu, ndi wa mwini newsletter. Chanu ndi kamzere kamodzi kapamwamba ndi mawu ngati 50. Kamzere kameneko ndi kamene kamaimitsa chala. Inu mwakathera pa moni.

Che Mdala: Apo ndiye ayi Anambewe. Munthu ungoyamba ndi mtengo osapereka moni? Tinaleredwa choncho ife?

Anambewe (admin): Che Mdala, mwini nyumba wapereka kale moni pamwamba. Mlendo wapatsidwa miniti imodzi kuti anene chimene wadzera. Akayamba kufunsa za ana ndi mbuzi, miniti yatha. Moni mukapereka pa WhatsApp munthu akakulemberani, ndipo mukapereke wautali mmene mungafunire.

NyaGondwe: Koma ine nkhani yanga si chithunzi chokha. Ngakhale ndikanaona, sindikanaimba. Pepani amama, ndinene chilungamo. Mu 2022 ndinatumiza filiji ndi zikwama ziwiri kwa amayi anga kudzera mwa transporter wina, dzina sinditchula. Pa kapepala kake panali mawu omwewa, odalirika, oopa Mulungu. Filiji inafika patatha miyezi inayi chitseko chitapindika. Chikwama chimodzi mpaka lero akuti chili pa boda. Ndiye ndikaona mawu akuti odalirika ndimachita nthumanzi, chifukwa aliyense amalemba choncho, wakuba yemwe. Zimene ndimafuna kuwerenga ine n'zina. Mukunyamuka liti? Mufika liti? Abale anga akatengere pati? Mundipatsa lisiti? Za msonkho wa MRA pa Mwanza alipire ndani? Mukandiyankha zimenezi simufunikanso kudzitchula odalirika, ndiona ndekha.

Gift: Chikwama chili pa boda zaka zitatu, ndiye chatenga unzika wa Mozambique chimenecho

NyaGondwe: Iwe Gift, munali mabulangete a amayi anga mmenemo, usandiyambe.

Mayi a Chikondi: Pepani asisi, zimenezo n'zimene zimatiipitsira mbiri tonse. Koma ifetu lisiti timapereka. Katundu aliyense timamata nambala, nambala yomweyo ili pa lisiti ndi m'buku lathu. Tikawoloka pa Beitbridge bambo a Chikondi amajambula thiraki n'kutumiza kwa onse amene ali ndi katundu, tikafika pa Mwanza chimodzimodzi. Tayamba 2017. Ndimaona ngati n'zosafunika kulemba, ndi mmene timagwirira ntchito basi.

Dalitso: Amayi!! Advert yanu ndi imeneyo! Mwabisa nyama pansi pa mphika, pamwamba mwaika msuzi wokhawokha. Lisiti ya nambala, chithunzi pa Beitbridge ndi pa Mwanza, kuyambira 2017. Wakuba sangalonjeze zimenezi chifukwa tsiku lachitatu lomwe agwidwa bodza. Mawu akuti akatswiri, odalirika, otsika mtengo, aliyense angathe kuwalemba ali gone. Mukafuna kuyesa chiganizo, dzifunseni kuti kodi transporter wa NyaGondwe uja akanatha kuchilemba? Ngati akanatha, chifufuteni.

Che Mdala: Apa mwana wayankhula.

Mayi a Chikondi: Nanga mpunga ndi usipa? Ndi zimene zimatibweretsera ya mafuta pobwerera.

Anambewe (admin): Sabata ina. Advert imodzi, nkhani imodzi. Wofuna usipa ndi wofuna kutumiza filiji akhoza kukhala munthu mmodzi, koma sali ndi maganizo onse awiri nthawi imodzi. Ndipo zipinda za lendi zichotseretu, zikukuchititsani kuoneka ngati anthu ongoyesa chilichonse.

Dalitso: Ndipo mtengo ulembedwe. "Yotsika zedi" si mtengo.

Mayi a Chikondi: Apo ndiye pali nkhondo kunyumba kuno. Bambo a Chikondi safuna n'komwe. Akuti ukalemba R600 mnzako mawa alemba R550, wakutengera anthu.

Che Mdala: Bambowo akunena zoona. Ine zaka zonse ndasoka pa Mayfair pano sindinalembepo mtengo pakhoma. Munthu abwere, aone nsalu, tikambirane. Wina ndimuchotsera chifukwa ndi wakwathu ku Mangochi, wina ndimuonjezera chifukwa akufuna mawa. Malonda ndi kukambirana.

NyaGondwe: Che Mdala, kwa inu munthu wafika kale pakhomo, nsalu ili m'manja. Ine ndili pa desiki, bwana akuzungulira kumbuyo kwanga. Ndikapanda kuona mtengo ndimaganiza ziwiri, mwina ndi wodula, mwina mtengo wake umayendera nsapato zimene wavala. Zonse ziwiri sindiimba. Sindifuna kuchita manyazi, kufunsa kenako n'kuthawa.

Dalitso: Ndipo anzanu a mathiraki mitengo yanu akuidziwa kale amayi. Amangotuma mwana kuimba. Amene simukumuuza mtengo ndi kasitomala yekha. Simufunika kulemba mndandanda wonse, lembani wa chinthu chimodzi chimene aliyense akuchidziwa kukula kwake, monga chikwama chachikulu cha shangani kukafika ku Blantyre. Munthu ayerekeza yekha kuti filiji ikhala chakuti.

Thoko (Wits): Moni akuluakulu, ndimangowerenga mwakachetechete. Ndionjezere pa mtengopo. Mukalemba, ukhale woona. Kuno kuli lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, limaletsa kukopa anthu ndi mtengo umene sukupereka, komanso kunena zonyenga potsatsa malonda. Ndiye musalembe R600 kenako munthu atafika ndi chikwama mumuuze kuti pali ina ya boda, ina ya wonyamula, ina ya chingwe. Ngati msonkho wa MRA suli m'katimo, lembani poyera kuti suli m'katimo. Ndipo mulembe ma randi. Kwacha munaiona mu Novembala 2023, inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene analemba mitengo ya kwacha anachita kung'amba mapepala.

Che Mdala: Ine ndakana ndithu za mtengo, koma thiraki si yanga. Funso langa ndi lina. Ndani amawerenga imelo? Ine yanga ndimatsegula pokhapokha ndikudikira za mapepala, password amasunga ndi mdzukulu wanga. Anyamata onse ndimasoka nawo pano ndi WhatsApp basi. Mayi sanataye ndalama pamalo popanda anthu?

Anambewe (admin): Funso labwino kuposa onse amene afunsidwa lero. Anthu alipo, koma si anyamata anu a pa Mayfair. Ndikaona amene amandiyankha pa kakalata kathu, ndi manesi, aphunzitsi, a m'maofesi ku Sandton ndi ku Midrand, ana a sukulu ngati Thoko, azibusa. Anthu oti ndalama ali nayo pang'ono, koma nthawi alibe. Munthu wotere Loweruka lake limodzi sangalithere kukweza filiji pa bakkie kuchoka ku Kempton Park kukasaka nyumba ku Rosettenville. Mayi a Chikondi, mumakatenga katundu pakhomo?

Mayi a Chikondi: Timakatenga, pafupi ulere, kutali timaonjeza ya mafuta.

Anambewe (admin): Ndiye bwanji munalemba kuti bwerani kunyumba? Kwa anthu a imelo mawu akuti "timadzatenga pakhomo panu" ndi olemera kuposa kuchotsera R50.

NyaGondwe: Eeh ndendende. Ine ndikanadina pomwepo.

Dalitso: Nthawinso ikuthandizani. Pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala kwathu. Kuno a South Africa lawo amachita mu Meyi, ndiye palibe sitolo ya kuno imene ikumbutse m'Malawi za tsikuli. Mumukumbutse ndinu. Ulendo wanu womaliza woti katundu afike tsikulo lisanakwane ndi wa liti?

Mayi a Chikondi: Loweruka pa 4 Okutobala. Timadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Zobue, kulowa pa Mwanza. Zikayenda bwino masiku 5, boda ikavuta 7.

Dalitso: Lembani 7, mukafika pa 5 akuyamikani. Tayesani kulembanso tione.

Mayi a Chikondi: Ndayesa, musaseke.

"Kodi mukufuna kusangalatsa amayi anu pa Tsiku la Anakubala? Ife tili pano kukuthandizani. Timanyamula katundu mosamala kwambiri ndipo timapereka lisiti. Tikunyamuka pa 4 Okutobala. Chikwama R600. Tiimbireni lero kapena tipezeni pa Facebook kapena pa WhatsApp."

Gift: Zayamba kununkhira ndalama

Anambewe (admin): Zasintha kwambiri. Koma funso lapamwambalo likumveka ngati la pa wailesi, ndani angayankhe kuti ayi sindifuna? "Ife tili pano kukuthandizani" sakunena kanthu. Ndipo makomo akadali atatu, foni, Facebook, WhatsApp. Mapanga awiri avumbwitsa, nanji atatu. Sankhani limodzi.

NyaGondwe: Chithunzi cha pa Beitbridge chapita kuti? Ndi chimene chinandigwira mtima ine.

Dalitso: Ndiyeseko ine, mukonze Chichewa changa cha ku Ndirande.

"Mphatso ya amayi ifike pa 15 Okutobala pasanakwane: thiraki inyamuka Loweruka pa 4
Timadzatenga katundu pakhomo panu mu Johannesburg, timakasiya ku Blantyre ndi Lilongwe m'masiku 7. Chikwama chachikulu R600, msonkho wa pa boda ndi wapadera. Mulandira lisiti ya nambala, ndi chithunzi cha thiraki pa Beitbridge ndi pa Mwanza. Tili pamsewu umenewu kuyambira 2017. Tsiku lomaliza kulandira katundu ndi Lachinayi pa 2.
Dinani apa mutilembere pa WhatsApp"

Che Mdala: Mulungu mwamuchotsamo.

Dalitso: Ali mu lisitimo madala 🙏

Mayi a Chikondi: Koma abale, ngati si ife! Pamene pakuti dinani apa pakhala chiyani?

Dalitso: Linki ya WhatsApp. Mumalemba wa.me/ kenako nambala yanu kuyambira ndi 27, ziro woyamba uja mumuchotse, osaika + kapena mipata. Munthu akadina, foni yake imatsegula macheza ndi inu ngakhale sanasunge nambala yanu. Kumapeto kwa linki mukhoza kuonjeza ?text= ndi mawu amene mukufuna apezeke atalembedwa kale, mwachitsanzo ANAKUBALA. Ubwino wake ndi pawiri. Wamanyazi sasowa choyamba nacho, amangotumiza. Inunso mukaona uthenga woyamba ndi ANAKUBALA mukudziwa kuti uyu wachokera ku newsletter, osati ku tchalitchi kapena kwa alamu anu. Mawu amenewo musawagwiritse ntchito pena paliponse. Nambala ilembedwenso pansi ngati mawu, ya munthu mmodzi, amene foni yake sikhala yozima.

Gift: Ndiye si ya alamuwo, ine ndimawadziwa

NyaGondwe: Funso. Chichewa chokhachokha? Ife a kumpoto mwatitaya? Ndipo Mzuzu simufika?

Mayi a Chikondi: Timathera Lilongwe asisi, wa ku Mzuzu timapatsira mnzathu.

Anambewe (admin): Ndiye Mzuzu musailembe, zopatsirana ndi zimene zimasowetsa zikwama. Pa chilankhulo ine ndimaona chonchi. Newsletter ikakhala ya Chingerezi, kamzere ka Chichewa pakati pake kamaonekera patali, diso la m'Malawi limakafikira pomwepo lisanawerenge china chilichonse. Ndi mmene zimakhalira ukamva munthu akuyankhula Chichewa mu Shoprite, umatembenuka usanaganize. Ulendo wa ku Mzuzu ukadzakhalapo mudzayambe ndi "Monire", NyaGondwe adzakulemberani.

NyaGondwe: Yewo, ndidzatumiza chikwama chimodzi ulere.

Gift: Koma abale bwanji tikuvutika kulipira eni newsletter? Ine ndili ndi ma imelo a a Malawi pafupifupi 2,000 pa flash, ndinawapeza pamene ndinkathandiza kulembetsa anthu pa msonkhano wina. Amayi mundipatse R200 muwatumizire nokha onsewo, kabokosi koyera kulibe

Thoko: Achimwene Gift, flash imeneyo ikuikani m'mavuto, ndi amayi omwe. Kuno kuli lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA, la 2013, lomwe linayamba kuluma mokwanira pa 1 Julayi 2021. Gawo 69 likuti sutumiza uthenga wamalonda pa imelo kapena SMS kwa munthu amene sanavomere, kupatula ngati ndi kasitomala wako kale ndipo ukumutsatsa zofanana ndi zimene anagula. Amene si kasitomala umaloledwa kumupempha chilolezo kamodzi kokha. Uthenga uliwonse unene amene watumiza ndi njira yokanira. Anthu anu aja anapereka ma imelo awo chifukwa cha msonkhano, osati chifukwa cha thiraki. Wina akakadandaula kwa Information Regulator, bungwe loyang'anira lamuloli, chindapusa chimatha kufika R10 miliyoni. Sindikunena kuti akulipiritsani yonseyo, koma mukufuna dzina lanu lilembedwe m'mabuku a boma chifukwa cha R200?

Gift: Ndimangocheza inetu

Che Mdala: Sumacheza iwe.

Dalitso: Ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, sizikanagwira. Mukatumiza ma imelo 2,000 kuchokera pa Gmail yanu kwa anthu osakudziwani, ochepa okha akadina kuti ndi spam, kutanthauza uthenga wosafunika, otsalawo akupita okha kudzala, mwinanso akaunti itsekedwa. Kuyambira Febuluwale 2024 Gmail ndi Yahoo anakhwimitsanso malamulo kwa otumiza ambiri, madandaulo asafike 0.3 peresenti, ndiye kuti anthu atatu pa 1,000. Zimenezi sizinayambe lero. Mu 1978 munthu wina wa kampani ya makompyuta ya DEC ku America, Gary Thuerk, anatumiza uthenga wamalonda kwa anthu pafupifupi 400 pa ARPANET, kholo la intaneti, osawapempha, anthu anakwiya nthawi yomweyo, mpaka lero amamutchula tate wa spam. Chimene amayi akulipira kwa mwini newsletter si ma imelo ayi. Akulipira kuti anthu anavomera okha kumumvera munthu ameneyo Lachisanu lililonse. Ali ngati mlendo amene walowa m'mudzi ataperekezedwa ndi mwana wa mfumu.

Mayi a Chikondi: Ndiye ndibwerere komweko ndi R400 ina? Mtima ukukana.

Dalitso: Musanalipire muwafunse zinthu zingapo, mwaulemu. Choyamba, advert ikhala pati? Gmail imadula imelo ikapitirira 102KB, pansi pamangotsala timawu toti uthenga wadulidwa, dinani kuti muone wonse. Ambiri sadina. Newsletter ikakhala yaitali inu muli kumchira, ndiye kuti simunatuluke n'komwe. Pemphani pamwamba kapena pakati, pambuyo pa nkhani yoyamba, ngakhale aonjeze mtengo. Chachiwiri, owerenga ake ali kuti? Ngati theka ali ku Cape Town ndi ku Durban, thiraki yanu siwathandiza. Chachitatu, akakuuzani kuti anthu ochuluka chakuti amatsegula, musatengeke. Kuyambira Seputembala 2021 Apple inaika njira yoteteza anthu ake, moti imelo imatha kuwerengedwa ngati yatsegulidwa mwini iPhone asanaione. Funsani kuti ndi angati amadina ma linki, ndipo ma advert a anzanu m'mbuyomu anadinidwa kangati. Woona mtima akuonetsani.

Anambewe (admin): Ndipo pemphani akutumizireni yoyesera isanapite kwa anthu. Muitsegule pa foni, osati pa kompyuta ya Chikondi. Ife olemba timalakwitsa, timakopera usiku maso atatopa. Musaiwalenso kufunsa ngati mu newsletter yomweyo muli transporter wina.

Che Mdala: Masabata awiri ndi ochepanso. Munthu amaona lero, katundu alibe. Amadzakumbuka akalandira pa 25.

Dalitso: Zoona madala. Itulutseni Lachisanu la malipiro ndi lotsatira lake. Koma la pa 3 Okutobala lachedwa, mwatseka kale pa 2. Ndiye ndi pa 19 ndi pa 26 Seputembala.

Mayi a Chikondi: Ndamva. Ndikakambirane ndi bambo a Chikondi za mtengowo, mundipempherere.

Lachinayi

Mayi a Chikondi: Anambewe Mulungu akudalitseni pa nkhani ya yoyesera ija. Anditumizira m'mawa uno, ndadina, WhatsApp ikuti nambala kulibe. Ziro uja ndinamusiya, ndinalemba 270. Ikanapita choncho kwa anthu onse. Akonza. Avomeranso kutiika pambuyo pa nkhani yoyamba, aonjeza R100. Ma advert a m'mbuyo akuti sanawerengepo kuti anadinidwa kangati, ayamba ndi yathuyi.

Dalitso: 😅 ziro ameneyo wadya anthu ambiri. Mtengo bambo avomera?

Mayi a Chikondi: Avomera chokwiya. Akuti zikavuta mlandu ndi wa gulu lino.

Lachitatu, pa 1 Okutobala

Mayi a Chikondi: Ndabwera ndi lipoti. A ANAKUBALA alemba 11. Lachisanu loyamba atatu okha, ndinayamba kutaya mtima, enawo abwera pambuyo pa 26 monga ananenera Che Mdala. Pa 11 amenewo, asanu tawatengera kale katundu, awiri ndi a ku Kempton Park, mmodzi nesi wa ku Roodepoort watumiza filiji ndi matilesi. Awiri akuti Disembala. Mmodzi amafuna ku Karonga. Mmodzi anangotumiza ANAKUBALA, ndamupatsa moni katatu sakuyankha. Awiri otsalawo anafunsa mafunso ambirimbiri okhudza mitengo, bambo a Chikondi akuti ndi anzathu a mathiraki amenewo. Chimene ndadabwa, atatu mwa asanu aja funso lawo loyamba linali lakuti chithunzi cha pa boda mumatumizadi?

Che Mdala: Nanga za R550 zija?

Mayi a Chikondi: Zachitika Che Mdala. Wina waika pa status yake Lolemba, chikwama R550. Bambo a Chikondi andionetsa kanayi, ngakhale pa nsima.

Che Mdala: Ndinanena ine.

NyaGondwe: Munanena, koma thiraki yadzaza kapena sinadzaze?

Mayi a Chikondi: Malo atsala pang'ono kumbuyo.

Dalitso: Ya Disembala musinthe mawu a pa linki, muike KHISIMISI, kuti musasokoneze ndi awa. Mpunga ndi usipa muyese pakatipa, thiraki ikabwerako, pa yokha.

NyaGondwe: Amama, malo atsalawo angakwane chikwama chimodzi ndi katoni ya mafuta ophikira? Lilongwe, mchemwali wanga akatengera pomwepo, za ku Mzuzu tiona tokha. Ndili ku Randburg, ndimaweruka 5 koloko.

Mayi a Chikondi: Akwana asisi. Mawa madzulo bambo adutsa, nditumizireni location kumbali.

Gift: NyaGondwe mabulangete muikemonso?

Anambewe (admin): Gift.